Akuluakulu a Kampani ndi Madzi a m'Shire

Nkhani yowerengedwa pa misonkhano ya makomiti a makopaletivi ndi m'masukulu a kwacha



Pa 24 Januwale 2022 namondwe amene anatchedwa Ana analowa m'chigawo cha kumwera kuchokera ku Mozambique, ndipo mvula inagwa kosalekeza. Mitsinje yonse yothira m'Shire inadzaza nthawi imodzi. Ku Kapichira, m'boma la Chikwawa, kumene kuli mathithi otsiriza a mtsinjewo, madzi anagumula mbali ina ya khoma limene linkatchinga mtsinje kuti madzi azilowera ku makina opangira magetsi. Shire anadzipezera njira yatsopano, nasiya makinawo pouma. Makina anai onse analeka kuzungulira. Mphamvu ya magetsi imayesedwa ndi muyeso wotchedwa megawati, ndipo tsiku limenelo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndilo gawo limodzi la magawo atatu a magetsi onse opangidwa ndi madzi m'Malawi muno. Ntchito yokumba ngalande yaikulu yothirira minda ya m'chigwa cha Shire, imene imatenga madzi pa malo omwewo, inaonongekanso nichedwa.

Anthu ambiri a m'midzi alibe magetsi m'nyumba zao, ndipo wina anganene kuti tsoka limenelo linagwera a m'tauni okha. Si tero ai. Chigayo cha pa msika chinaima. Amai ankandandalika matumba a chimanga m'mawa, nabwerera kwao madzulo opanda ufa, ndipo ena ankagona pa chigayo pomwepo kudikira magetsi obwera pakati pa usiku. Wootcherera ngolo ndi makasu anakhala manja lende. Mpopi wa madzi wa pa chipatala unatonthola. Zinthu zinakhala chomwecho chaka chathunthu ndi miyezi ingapo, kufikira makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023, Banki ya Dziko Lonse itapereka madola 60 miliyoni okonzera ku Kapichira ndi mawaya amene anagwa.

Mvula siimbidwa mlandu. Palibe bwalo limene lingaitane namondwe kuti adzayankhe. Koma pamene chuma cha anthu ambiri chaikidwa m'manja mwa anthu ochepa kuti achisamale, funso limakhalapo ndithu: kodi ndani amene anali ndi udindo wokhala pansi, kusanachite mitambo, ndi kufunsa kuti madzi akadzachuluka chotere tidzatani? Nkhani ino iri pa funso limeneli. Ikuyambira pa makampani akulu, chifukwa zao zimaoneka bwino, koma ikathera pa kopaletivi ya m'mudzi.

Mwini, mbusa ndi wowerenga ng'ombe

Kampani iri yonse iri ndi magulu atatu a anthu. Oyamba ndi eni ache, amene anasonkha ndalama nalandira masheya, ndiwo magawo a kampaniyo. Achiwiri ndi manijala pamodzi ndi antchito ache, amene amayendetsa ntchito tsiku ndi tsiku. Pakati pa awiriwa pali gulu laling'ono lotchedwa bodi, losankhidwa ndi eni ache kuti liziyang'anira manijala m'malo mwao. Munthu wa ng'ombe amazidziwa bwino zimenezi. Mwini ng'ombe amene amakhala kutali amalemba mbusa, koma amapemphanso mkulu wina wa pamudzi kuti madzulo ali onse aziima pa khola, aziwerenga ng'ombe, azifunsa kumene zinadya ndi kumene zinamwa. Mkuluyo sapita kubusa. Ntchito yache ndi kufunsa, ndipo akaleka kufunsa ndiye kuti waleka ntchito, ngakhale akhale akulandirabe mkaka.

Lamulo la Makampani la 1984 linalowedwa m'malo ndi la 2013, ndipo makopaletivi ali ndi lamulo lao la 1998. Malamulo awiriwa ndi osiyana m'zambiri, koma agwirizana pa chinthu ichi, kuti munthu wokhala m'bodi kapena m'komiti wasenza chuma cha eni, ndipo ayenera kuchigwira mokhulupirika ndi mosamala, osati mofuna kudzipindulitsa yekha. Kale anthu ankaganiza kuti kusamala kumeneku ndi kuyang'ana mabuku a ndalama kokha, kuti pasapezeke wakuba. Kuba kulipo ndithu, ndipo kwagwetsa makopaletivi ambiri. Koma wakuba amatenga thumba limodzi kapena awiri. Chigumula chimatenga nkhokwe yonse pamodzi ndi mabuku omwe.

Kampani imene imapanga magetsi ku Kapichira ndi EGENCO. Inayamba ntchito mu 2017, pamene ESCOM inagawidwa pawiri, kuti ina izipanga magetsi ndipo ina iziwanyamula m'mawaya ndi kuwagulitsa. Mwini wache wa makampani onse awiriwa ndi Boma, ndiko kunena kuti eni ache enieni ndi anthu onse okhoma msonkho, ngakhale iwo amene amaunikira ndi koloboyi.

Mtsinje umodzi

Magetsi a madzi anayamba pa Nkula mu 1966. Chaka chimodzi m'mbuyo mwache, mu 1965, anamanga chotchingira madzi cha ku Liwonde, chimene chimatsegulidwa ndi kutsekedwa kuti madzi otsika m'Shire asachuluke kapena kuchepa kwambiri. Pambuyo pache anamanga ku Tedzani, naonjezera pa Nkula, ndipo mu 2000 makina oyamba a ku Kapichira anayamba kuzungulira. Amene anaganiza zimenezi sanali opusa. Kuyambira kumunsi kwa Liwonde kufika ku Chikwawa mtsinje umatsika kwambiri, madzi omwewo amene azungulitsa makina pa Nkula amakazungulitsanso a ku Tedzani ndi a ku Kapichira, ndipo palibe amene amalipira mtsinje. Magetsi otsika mtengo koposa amenewa sakanapezeka. Koma zotsatira zache ndi zakuti pafupifupi magetsi onse a dziko anadzakhala pa mtsinje umodzi, kupatula kasiteshoni kakang'ono ka ku Wovwe, m'boma la Karonga.

Tsono mtsinje umenewu uli ndi mbiri imene ambiri aiwala. Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri kotero kuti madzi analeka kutuluka kulowa m'Shire. Mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa mtsinje kufupi ndi Mangochi, ndipo mbali yaikulu ya nyanja ya Malombe inaphwa. Zaka makumi awiri! Chifukwa chache ndi chakuti madzi ambiri olowa m'nyanja ya Malawi samatsika ndi Shire ai. Amauma ndi dzuwa. Otsika ndi mtsinje ndi otsala okha, monga madzi otaikira pa mphika wodzaza. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatana, kapena kutentha kukakula, otsalawo ndi amene amayamba kusowa.

Mu 2016 ndi 2017 anthu analawa pang'ono za mbiri imeneyi. Patadutsa chilala cha 2015 ndi 2016 nyanja inatsika, makina anapanga magetsi ochepa kwambiri, ndipo malo ena ankakhala mu mdima kuposa theka la tsiku. Mu 2018 dziko linabwereka makina a dizilo a kampani ya Aggreko, a mamegawati 78, amene magetsi ache anali okwera mtengo kwambiri kuposa a madzi. Chinthu chogulidwa mwadzidzidzi sichitsika mtengo. Mlimi amene wadikira kuti agule chimanga mu Febuluwale amadziwa.

Mbali inayo ndi madzi ochuluka. Kunali chigumula mu Januwale 2015, kunali namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000. Madzi otere sabwera okha. Popeza mapiri a m'mbali mwa Shire ameta chifukwa cha makala ndi kulima m'malo otsetsereka, madzi amatsika ndi matope, zitsa ndi zinyalala, ndipo namasupuni amatsika naye. Matope amadzaza maiwe osungira madzi, zinyalala zimatseka zosefera za makina. Munthu wootcha makala ku Neno ndi mai wodikira ufa ku Mulanje sadziwana, koma wina akulipira ngongole ya mnzache.

Chaka cha 2024 chinaonetsa zonse ziwiri nthawi imodzi. Mu Malichi chaka chimenecho Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, pamene nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a ku Mangochi, chifukwa cha mvula yambiri ya kumpoto ndi ya zaka zam'mbuyo. Oyang'anira chotchingira cha ku Liwonde anali pakati pa moto uwiri: akatsekereza madzi, a m'mbali mwa nyanja amira, akawamasula, amira a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Akatswiri a za nyengo agwirizana kuti dziko lonse lapansi likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, ndipo chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zimene zinalembedwa m'mbuyo mwache. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, chotero mvula ikagwa imagwa yoopsa. Umaumitsanso nthaka ndi nyanja msanga. Akatswiri amene anafufuza za Ana mu 2022 anapeza kuti kutentha kumeneku kunaonjezera mvula ya namondweyo. Tanthauzo lache kwa munthu wa m'bodi ndi ili: khoma limene linamangidwa poyesa mvula ya makolo silingadaliridwe pa mvula ya adzukulu.

Chifukwa chiani akuluakulu amachedwa

Mu Seputembala 2015 Mark Carney, amene pa nthawiyo anali mkulu wa Banki Yaikulu ya ku England, analankhula kwa eni makampani a inshuwalansi ku London. Mfundo yache inali yakuti zoopsa zazikulu za kusintha kwa nyengo zimagwa patali kuposa pamene anthu a malonda ndi a ndale amayang'ana. Manijala amayang'ana phindu la chaka chino. Wa m'bodi amakhala pa mpando zaka zowerengeka. Koma damu, mlatho kapena munda wa makadamiya zimakhala zaka makumi ambiri. Munthu amene aononga ndalama lero kulimbitsa khoma amachepetsa phindu la chaka chache, ndipo chigumula chikadzabwera iye atachoka, khomalo nkupirira, palibe amene adzamuthokoze, popeza palibe chimene chinachitika. Mpake kuti ambiri amasankha kungokhala.

Kumene kungokhala kumafikitsa kunaoneka ku California, m'dziko la America. Kumeneko kuli kampani yaikulu ya magetsi yotchedwa Pacific Gas and Electric. Dera lache lakhala likuuma ndi kutentha chaka ndi chaka, nkhalango nkusanduka nkhuni. Pa 8 Novembala 2018, tsiku la mphepo yamphamvu, kachitsulo kokoleka waya pa nsanja yakale, ya zaka pafupifupi 100, kanaduka chifukwa chakutha. Waya unathetheka, udzu unayaka, ndipo moto unapsereza tauni ya Paradise. Anthu 85 anafa, nyumba zoposa 18,000 zinapsa. Mu Januwale 2019 kampaniyo inapita ku khoti kukanena kuti singathe kubweza ngongole zache, popeza milandu ya moto inkayesedwa madola 30 biliyoni. Mu Juni 2020 inavomera mlandu wopha anthu 84 mosasamala, ndipo ambiri a m'bodi yache analowedwa m'malo ndi ena.

Kachitsuloko kanali ka mtengo wochepa. Sikanathe tsiku limodzi. Kanadyeka pang'onopang'ono zaka zambiri. Chimene chinasowa si ndalama kapena nzeru, koma munthu wa udindo wofunsa kuti nsanja zakale zija zinayenderedwa liti, ndipo anayendera ndani, napeza chiani. Pambuyo pa maliro ndi pamene kampaniyo inalengeza, mu 2021, kuti idzakwirira pansi mawaya a mamailosi 10,000. Madzi akataika saoleka.

Zimene zachitika kuno

Sikungakhale chilungamo kunena kuti kuno anthu angopinda manja. Mu 2021 kampani ya JCM inatsegula munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60 ku Salima, ndipo mu 2022 inatsegula wina wa mamegawati 20 ku Golomoti, m'boma la Dedza, wokhala ndi mabatire osungira mphamvu. Ubwino wache ndi wakuti chaka cha ng'amba, pamene mtsinje wachepa, ndi chaka chomwe dzuwa lachuluka. Mu 2022 inayambikanso ntchito yomanga mawaya akulu ochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, kuti dziko lizitha kugula magetsi kwa anansi pamene ache achepa. Iyi ndi nzeru yomwe ija ya mai amene amabzala chinangwa ndi mbatata pambali pa chimanga.

Pa nthawi ya Freddy, EGENCO inazimitsa dala makina a pa Nkula ndi Tedzani kuti zinyalala ndi matope zisawaononge. Anthu anakhala mu mdima ndipo ambiri anang'ung'udza. Koma mdima wa masiku owerengeka ndi wopepuka poyerekeza ndi mdima wa chaka, ndipo chinthu chotere sichingachitike bwino ngati akuluakulu sanagwirizane kale kuti madzi akafika pakuti makina azimitsidwe, ndipo wolamula ndi uje. Usiku wa chigumula si nthawi yoitana msonkhano.

Palinso ganizo lomanga siteshoni yaikulu ku Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, ya mamegawati oposa 300, yokhala ndi damu losunga madzi ambiri. Idzathandiza ndithu. Komabe munthu wofunsa bwino sangalephere kuona kuti nayonso iri pa Shire yemwe uja, ndipo damu limasunga madzi amene abwera, silipanga madzi amene sanabwere.

Inshuwalansi imene inachedwa

Njira ina yodzitetezera ndi inshuwalansi, ndiko kulipira pang'ono chaka chiri chonse kuti pa tsiku la tsoka ena akubwezere. Ndi njira yabwino, koma iri ndi msampha wache, ndipo Boma lomwe linaugwera. Pokonzekera dzinja la 2015 ndi 2016 Boma linagula inshuwalansi ya chilala ku bungwe la maiko a mu Africa lotchedwa African Risk Capacity. Bungweli silitumiza anthu kukayendera minda. Limayesa mvula ndi makina a m'mlengalenga, niwerengetsa pa kompyuta ngati mbeu inapeza madzi okwanira pa msinkhu uli wonse. Chilala chinabwera, anthu mamiliyoni anasowa chakudya, koma kompyuta inati vuto ndi laling'ono, ndipo ndalama sizinatuluke.

Pofufuza anapeza kuti m'mapepala a panganolo munalembedwa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anali atasinthira ku chimanga chocha msanga. Ng'amba inagwa pa nthawi imene chimanga chocha msangacho chinkamasula ndi kubereka, pamene chochedwa chija, cha m'mapepala, chikanadikira mvula yobwera pambuyo. Atakonza cholakwacho, bungwelo linalipira madola 8.1 miliyoni kumayambiriro kwa 2017, miyezi yambiri itadutsa chiyambire njala. Mlimi wamba akanafunsidwa kuti mumabzala mbeu yanji, yankho likanapezeka m'mphindi imodzi. Komiti imene ikugula inshuwalansi ya mbeu kapena ya nkhokwe iyenera kuwerenga pangano lonse mokweza pamaso pa mamembala, ndi kufunsa wogulitsayo kuti anene momveka tsoka limene adzalipire ndi limene sadzalipira, ndiponso kuti ndalama zidzafika patatha masiku angati.

Eni ndalama a m'maiko akunja nawonso atopa ndi kudzidzimutsidwa. Mu 2017 gulu limene linakhazikitsidwa ndi oyang'anira mabanki linatulutsa malangizo akuti kampani iri yonse izinena poyera mmene nyengo ingaonongere malonda ache, ndipo mu Juni 2023 malangizowo anasanduka muyeso wa olemba mabuku a ndalama, wotchedwa IFRS S2, umene maiko ambiri ayamba kutsata. Mau ache ndi ovuta, koma zofunsidwa ndi zapafupi. Ndani m'bodi amene amayang'anira za nyengo? Kodi malonda adzayenda bwanji kukatentha kapena kukasefukira? Zoopsazo zimapezedwa bwanji, ndipo zimayesedwa ndi chiani? Banki yokongoza kampani ya shuga, ya tiyi kapena ya mpunga iyamba kufunsa zimenezi, ndipo kampaniyo idzatembenukira kwa alimi amene amaigulitsa mbeu ndi kuwafunsa zomwezo.

Pa msonkhano wa kopaletivi

Kopaletivi ya alimi makumi asanu ndi kampani ndithu, ngakhale msonkhano wache uchitikire pansi pa mtengo wa mango. Mamembala ndiwo eni ache, komiti ndiyo bodi, ndipo kalaliki wa pa sikelo ndiye manijala. Nayonso iri ndi Shire wache: mbeu imodzi imene onse amadalira, wogula mmodzi, mseu umodzi wokhala ndi mlatho umodzi, nkhokwe imodzi.

Nkhondo yaikulu imakhala pa phindu. Chaka chikakoma, mamembala amafuna kugawana zonse, ndipo sangadzudzulidwe kwambiri, pakuti ana akufuna fizi ndipo denga likudontha. Wapampando amene akufuna kusankhidwanso amadziwa kuti bonasi yaikulu imaombetsa m'manja. Koma kopaletivi imene yagawa zonse ilibe chogulira mbeu yobwereza pamene yoyamba yapsa mu Disembala, ndipo imakagwa m'manja mwa akatapila. Njira yothetsera mkanganowu ndi kuulanda m'manja mwa wapampando. Gawo losungidwa lilembedwe m'malamulo a kopaletivi, livomerezedwe pa msonkhano wa onse m'chaka cha mtendere, pamodzi ndi zifukwa zimene ndalamazo zingatulutsidwire ndi anthu amene ayenera kusaina. Zikatero wapampando akhoza kuyankha opempha kuti si ine, ndi lamulo lanu lomwe. Ndipo popeza ndalama ya kwacha yakhala ikutsika mphamvu, monga mu Novembala 2023 pamene inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, komiti yanzeru imaganizanso ngati zonse zisungidwe ku banki, kapena zina zikhale mbeu, matumba ndi zipangizo.

Malo omangapo nkhokwe ndi nkhani ina imene imaonetsa ngati komiti ikugwira ntchito. Kawirikawiri malo amasankhidwa chifukwa ali pafupi ndi mseu, kapena chifukwa mwini wache ndi mlamu wa msungichuma. Pamene wa m'komiti ali ndi chidwi chache pa nkhani, ayenera kunena yekha, natuluka panja kufikira anzache atatsiriza kukambirana, ndipo mlembi alembe kuti anatuluka. Izi zimaoneka ngati mwano pakati pa anthu odziwana, koma zimamteteza iye mwini pa tsiku la milandu. Tsono posankha malo, komiti iitane nkhalamba za m'mudzi, ziloze pamene madzi anafika mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023, pakhomedwe zikhomo, ndipo nkhokwe imangidwe kumtunda kwa chikhomo chapamwamba, osati pa chikhomo pomwepo, popeza chigumula chikudzacho sichinalonjeze kuima pamene chinaima chinzache. Mabuku a masheya ndi a ngongole akhale ndi makope kwina. Alipo magulu amene anapulumutsa chimanga koma anatha chifukwa buku linanyowa, ndipo ali yense anakumbukira kuti anali atabweza kale.

Komiti ya amuna okhaokha imaphonya zambiri. Amai ndi amene amadziwa mwezi umene chitsime chinayamba kuphwa, mtunda umene nkhuni zafika, ndi mbeu imene inapirira ng'amba m'dimba. Komitinso imene onse amangovomera zonena wapampando ndi yoopsa kuposa imene imakangana. Munthu uja wovutitsa, amene amafunsa kuti nanga mlatho ukaduka galimoto la wogula lidzadzera kuti, amatopetsa pa msonkhano, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Funso lache lilembedwe m'buku la msonkhano, pamodzi ndi dzina la amene wapatsidwa ntchito yopeza yankho ndi tsiku lodzayankha. Popanda zimenezi funso limauma pamodzi ndi malovu.

Aphunzitsi ali ndi gawo lao. Sukulu imene iri ndi choyesera mvula, ngakhale chitini choongoka ndi rula, niilemba tsiku ndi tsiku m'buku limodzi, imadzakhala ndi chuma chimene palibe ofesi ingaipatse: mbiri ya mvula ya mudzi umenewo. Patapita zaka khumi bukulo limaonetsa ngati mvula yobzalira ikuchedwa, ndi kutalika kwa ng'amba ya pakati pa dzinja. Mphunzitsi akhozanso kuthandiza komiti kuwerenga pangano la ngongole kapena la inshuwalansi, ndi kuwerengetsa pa bolodi, pamaso pa onse, zimene kopaletivi ingatsale nazo ngati zokolola zitachepa ndi theka. Kuwerengetsa kumeneku ndi kumene makampani akulu amalipira akatswiri ndalama zambiri kuti awachitire.

Nthawi yokambirana zonsezi ndi miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mbeu zagulitsidwa, ndalama ziri m'manja ndipo mitima iri pansi. Mvula isanayambe, nthambi ya Boma yoona za nyengo imalengeza mmene dzinja likuonekera, boma ndi boma, ndipo alangizi a za ulimi amakhala ndi uthengawo. Mlembi wa komiti akautenge, auwerenge pa msonkhano, ndipo ngati ukunena za mvula yochepa kapena yochuluka, komiti ibwerere ku zimene inagwirizana mu Julayi ndi kuona zoyenera kusintha, mbeu isanagulidwe.